Tsabola wofiira kapena water chestnut: muike chiti mumphika?

M'chiwaya cha wophika wa ku Guangzhou kapena ku Hong Kong, tsabola wofiira wosawawa ndi water chestnut amakumana kawirikawiri, wina wofiira psuu, mnzake woyera mbee, onse oduladula pakati pa nkhuku kapena nyama ya nkhumba. Inu amene munagwirapo ntchito yophika m'nyumba za anthu ku Johannesburg, kapena m'malesitilanti a Atchaina ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Lusaka, mwina munatsegulapo chitini cha timibulu toyera timeneti. Poti zimalowa m'mbale imodzi, ambiri amaziyesa ndiwo za mtundu umodzi, zoti china chikasowa chinzake chikhoza kulowa m'malo. Si choncho ayi. M'thupi zimagwira ntchito zosiyana kotheratu, ndipo munthu amene amawerenga ndalama asanalowe mumsika ayenera kudziwa kusiyanako.

Tiyambe ndi mlendoyu, pakuti tsabola tonse timamudziwa. Water chestnut si chipatso, si mtedza. Ndi kambulu kamene kamakula pansi m'matope, kumizu ya chomera cha m'madzi chotchedwa Eleocharis dulcis, chooneka ngati mlulu: timapesi tobiriwira, tamphako m'kati, topanda masamba. Amachilima m'minda yodzaza madzi monga momwe amalimira mpunga, makamaka kum'mwera kwa China, ndipo dera la Guilin m'chigawo cha Guangxi n'lotchuka nacho. Chimafuna miyezi pafupifupi 7 ya nyengo yofunda. Chikakhwima alimi amaphwetsa madzi m'munda n'kukumba timibuluto, takhungu lakuda mofiirira, toyera m'kati. Anthu a ku Guangdong amapanganso keke yake yofewa imene amadya kwambiri pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha kwawo.

Musamusokoneze ndi nyika, mizu ya kakombo imene anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa amakazula m'madambo chaka cha njala. Chimenecho n'chomera china. Musamusokonezenso ndi singhara wa ku India, chipatso cha nyanga cha chomera choyandama pamadzi chotchedwa Trapa, chimene ufa wake Ahindu amaphikira pa masiku osala zakudya. M'sitolo ya Amwenye mukhoza kupeza ufa umenewo utalembedwa dzina lomweli pa paketi. Zimene ndikunena pano ndi za Eleocharis yekha, amene amabwera m'zitini.

Zimene zili m'kati

Ziwerengero zonse zotsatirazi ndi za m'matebulo a USDA, unduna wa zaulimi wa ku America, ndipo ndi za magalamu 100 a chakudya chosaphika. Kuti muone ndi maso: magalamu 100 a tsabola ndi tsabola mmodzi wapakatikati mutachotsa njere ndi phesi, pomwe magalamu 100 a water chestnut ndi timibulu 10 kapena 11 tosenda.

Tsabola wofiira ndi madzi okhaokha pafupifupi: magalamu 92 mwa 100 amenewo ndi madzi. Sitachi, shuga ndi fayiba pamodzi ndi magalamu 6 okha, ndipo mphamvu imene amapereka ndi makalori pafupifupi 30. Water chestnut ali ndi madzi magalamu 74, sitachi, shuga ndi fayiba magalamu 24, makalori 97. Yerekezani ndi mbatata ya kholowa, imene ili ndi makalori 86, ndi mbatatesi, imene ili ndi 77. Apa nkhani yaonekeratu. Pa magulu 6 a zakudya amene alangizi amaphunzitsa amayi ku sikelo ya ana, tsabola ali m'gulu la ndiwo zamasamba, pomwe water chestnut, tikayang'ana zimene wanyamula, akukhala pafupi ndi mbatata, chinangwa ndi koko m'gulu la zakudya zokhutitsa. Mukamuika mu ndiwo n'kudyera mpunga kapena nsima, mwaonjezera sitachi pa sitachi. Si kulakwa, bola mudziwe kuti masamba simunadye.

Pa zomanga thupi palibe amene angadzitame: tsabola ali ndi galamu imodzi, mnzakeyo galamu imodzi ndi pang'ono. Mafuta ndiye ndi ochepa zedi. Pa fayiba, ulusi wa m'zomera uja umene umathandiza kuti munthu asadzimbidwe, water chestnut amatsogola pang'ono, magalamu 3 pomwe tsabola ali ndi 2. Vitamini B6 ali nayo mofanana, pafupifupi mamiligalamu 0.3 aliyense.

Kusiyana kwenikweni kuli pa vitamini C. Tsabola wofiira ali ndi mamiligalamu 128. Water chestnut ali ndi 4. Kuti mupeze vitamini C wa tsabola mmodzi kuchokera kwa water chestnut, mungafunike kudya makilogalamu opitirira 3. Lalanje, limene aliyense amalithamangira akagwidwa chimfine, lili ndi mamiligalamu 53 okha, ndipo tomato ali ndi 14. Madokotala a ku America amati mayi wamkulu amafunika mamiligalamu 75 patsiku, bambo 90, mayi woyembekezera 85, ndipo wosuta fodya aonjezerepo 35. Choncho tsabola wofiira mmodzi wosaphika wakwanira kale tsiku lonse la mayi. Vitamini ameneyu ndiye amathandiza kuti mabala apole, nkhama zisamatuluke magazi, khungu ndi mitsempha zikhale zolimba. Thupi silimusunga wochuluka. Wotsala amatuluka ndi mkodzo. N'chifukwa chake kudya pang'ono tsiku ndi tsiku kumaposa kudya mulu kamodzi pamwezi.

Kuchuluka kwa vitamini C mu tsabola kunadziwika kale. M'zaka za m'ma 1930, Albert Szent-Györgyi, wasayansi wa ku Szeged m'dziko la Hungary, kumene amalima paprika wambiri, anapeza kuti tsabola wa kumeneko ndiye gwero losavuta lotengamo vitamini ameneyu wochuluka woti asayansi amufufuze bwino. Mu 1937 analandira mphoto ya Nobel. Paprika ameneyo ndi mtundu womwewo wa chomera, Capsicum annuum, chimene kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nako.

Pa vitamini A, water chestnut alibe ngakhale pang'ono. Tsabola wofiira ali ndi mamayikulogalamu 157, kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 5 a zimene mayi amafunika patsiku. Vitamini A amasamala maso, makamaka kuona kukayamba mdima, ndipo amalimbitsa khungu la m'kati mwa mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo kuti matenda asalowe mosavuta. Tsabola alinso ndi foleti, vitamini wofunika kwambiri kwa mayi amene akufuna kutenga pakati kapena wangotenga kumene, komanso vitamini E. Pa foleti amamusiya kutali mnzakeyo.

Nanga water chestnut amapambana pati? Pa potaziyamu. Ali ndi mamiligalamu 584, pomwe tsabola ali ndi 211, ndipo nthochi, imene imatchuka ndi mchere umenewu, ili ndi 358. Potaziyamu amathandiza mtima kugunda bwino, minofu kugwira ntchito, ndiponso amachepetsa mphamvu ya mchere wa m'ndiwo pokweza BP. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kupeza mamiligalamu osachepera 3,510 patsiku. Water chestnut alinso ndi kopa, manganizi ndi vitamini B2 wochulukirapo kuposa tsabola.

Koma apa m'pofunika kuima kaye, chifukwa 584 ameneyo ndi wa water chestnut wongokumba kumene. Amene ambirife tingamupeze ndi wa m'chitini, wosendedwa, wowiritsidwa, wokhala m'madzi miyezi yambiri. Pa matebulo omwewo, wa m'chitini pamodzi ndi madzi ake ali ndi potaziyamu mamiligalamu 118 okha ndi makalori 50. Ndiye kuti chinthu chimene amapambanira chija chatsika mpaka kuchepera cha tsabola. Ndipo ngakhale mutapeza wosaphika, m'dimba mwathu muli kale zomufika: bonongwe wosaphika ali ndi mamiligalamu 611, peyala 485, mbatatesi 425. Palibe chifukwa choti munthu wa BP akawononge ndalama pa chitini chochokera kutsidya kwa nyanja pofuna potaziyamu pomwe bonongwe akudzimerera kuseri kwa khola.

Maganizo anga ndi awa: ngati ndalama ikukwana chimodzi, gulani tsabola. Water chestnut mugule pamene mukufuna kukoma kwake ndi kukukutika kwake m'mano, ndipo chimenecho n'chifukwa chokwanira, pakuti chakudya chosakoma ana sachidya. Koma musamugule poganiza kuti ndi mankhwala.

Wobiriwira kapena wofiira

Tsabola wobiriwira amene amadzaza m'misika yathu ndi yemweyo wofiira, kungoti wathyoledwa asanapse. Akakhala pamtengo milungu ina 3 kapena 4 amasintha mtundu, amatsekemera, ndipo zam'kati zimachuluka. Wobiriwira ali ndi vitamini C mamiligalamu 80, amene akuposa kale lalanje, koma vitamini A ali ndi mamayikulogalamu 18 okha. Wofiira amamuposa pamenepo kasanu ndi katatu n'kupitirira. Mtengo wake umakwera chifukwa mlimi wadikira nthawi yaitali, wathirira kwambiri, ena awola kapena abooledwa ndi mbozi, ndiponso mtengo umene ukupsetsa zipatso umachedwa kubereka zina.

Ngati wofiira wakwera mtengo mopitirira, musadandaule ngati banja lamanidwa kanthu kosapezeka kwina. Gulani wobiriwira, vitamini A mumupeze ku mbatata yofiira m'kati, imene ili ndi mamayikulogalamu opitirira 700, kapena ku maungu, mango, papaya, nkhwani ndi chisoso. Nyengo ya magwafa ndiye musavutike n'komwe: gwafa ali ndi vitamini C mamiligalamu 228, kuposa tsabola yemwe. Ubwino wa tsabola wofiira ndi wakuti mavitamini awiriwa amabwera pamodzi, ndipo amalowa mu ndiwo zimene mumaphika kale popanda kusintha kadyedwe ka pakhomo.

Pogula, sankhani wolimba, wonyezimira, wolemera m'dzanja, waphesi lobiriwira. Wamakwinya wayamba kale kutaya madzi ndi vitamini C, makamaka ngati wakhala padzuwa pa benchi tsiku lonse. Muyang'anenso kunsi kwake ndi pafupi ndi phesi, pamene kuwola kumayambira. Amene wayamba kufiira mbali imodzi amapitiriza kufiira mukamuika pamthunzi m'nyumba masiku angapo, koma wobiriwira bii kawirikawiri amangofota osafiira.

Kusamala kuti zabwinozo zifike m'thupi

Mamiligalamu 128 aja ndi a tsabola wosaphika. Zimene zimafika m'mbale zimadalira manja a wophika. Vitamini C amasungunuka m'madzi ndipo amawonongeka ndi moto wautali, mpweya ndi soda. Vitamini A, kapena tinene beta-carotene amene thupi limamusandutsa vitamini A, sasungunuka m'madzi, moto amaupirira bwino, koma kuti alowe m'thupi amafuna mafuta pang'ono. Malangizo onse akuchokera pa mfundo ziwirizi.

Tsukani tsabola ali wathunthu, ndi madzi aukhondo, mukupukuta ndi zala kuti fumbi ndi mankhwala opopera zichoke. Mukamudula kaye n'kumuviika m'beseni, vitamini C amatsalira m'madzi otayawo. Duleni nthawi yophika itakwana, osati m'mawa kukonzekera chakudya chamadzulo. Ndipo musamunyenyenye kwambiri. Zidutswa zokulirapo zimataya zochepa.

Chizolowezi chathu ndi kukazinga anyezi, tomato ndi tsabola pamodzi pachiyambi, kenako kuthira nyama kapena nyemba n'kusiya mphika ubwate ola lathunthu. Fungo limabwera labwino, koma vitamini C wambiri wapita. Njira yabwino ndi kugawa tsabolayo pawiri. Theka likazingeni pachiyambi kuti msuzi ukome. Theka linalo liikeni patatsala mphindi 3 kapena 5 kuti muphule, muvundikire, kuti lifike patebulo lidakali lofiira bwino ndi lolimbako. Msuzi wake musataye, chifukwa zimene zatuluka mu tsabola zili momwemo. Ndiwo zikapsa zidyedwe. Kuzitenthetsa kawiri katatu kumamaliza vitamini wotsalayo.

Soda ndi chidulo zisakumane ndi tsabola. Ngati mukuphika therere kapena masamba olimba amene mumathira soda, dziwani kuti vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B amawonongeka momwemo, ndiye tsabola wanu mudye pambali. Njira yosavuta koposa ndi saladi: tsabola wofiira, tomato, anyezi, madzi a mandimu, kamchere ndi supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, kapena zidutswa za peyala m'malo mwa mafutawo. Mu ndiwo zotendera, nsinjiro zimapereka kale mafuta ofunikawo.

Pa mbaula mukhoza kumuwotcha wathunthu mpaka khungu lide, n'kumuika m'mbale yovundikira mphindi 10. Khungulo limasendeka lokha, ndipo mnofu wake umatsekemera kwambiri. Njira imeneyi ndi yabwino kwa agogo amene mano anatha, kwa anthu amene khungu la tsabola limawavuta m'mimba, komanso kwa mwana amene wapitirira miyezi 6: mupotereni bwinobwino n'kusakaniza ndi mbatata kapena nyemba zosenda.

Pali phindu lina la tsabola limene ndikufuna banja lililonse lilidziwe. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa 2015–16 anapeza kuti ana 63 mwa 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka 59 anali ochepa magazi, ndiponso amayi 33 mwa 100 a zaka 15 mpaka 49. Zoyambitsa ndi zambiri, kuphatikizapo malungo ndi njoka za m'mimba, ndipo tsabola sangalowe m'malo mwa chipatala kapena mapilitsi a ayironi amene amayi oyembekezera amalandira. Koma pa mbali ya chakudya pali chimene tingachite. Ayironi wa mu nyemba, nandolo, khobwe, soya ndi masamba salowa m'thupi mosavuta ngati wa mu nyama. Vitamini C akakhala m'chakudya chomwecho, pa nthawi yomweyo, thupi limatenga ayironi wochulukirapo. Tsabolayo payekha ali ndi ayironi wochepa, osafika theka la miligalamu, koma amatsegulira njira wa mu nyembayo. Choncho tsiku la nyemba ndilo tsiku loyenera kudula tsabola wofiira pamwamba. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironi, ndiye mumwe patapita ola limodzi kapena awiri mutadya, osati kutsitsira nsima.

Posunga, tsabola wathunthu wosatsuka amakhala mu furiji sabata imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Wofiira safika patali ngati wobiriwira poti wapsa kale. Popanda furiji, muikeni m'dengu pamalo ozizira, podutsa mphepo, osati m'jumbo yomanga, ndipo mudye m'masiku ochepa. Akachuluka, muduleni n'kumuika mu firiza osawiritsa, ngati magetsi a kwanuko ndi odalirika. Apo ayi, muumitseni: dulani mizere yopyapyala, yanikani pa thandala pamthunzi podutsa mphepo, ndipo akauma gwaa musinje n'kusunga m'botolo lotseka, pamdima. Vitamini C wambiri amapita poumitsa, koma mtundu, fungo ndi gawo la vitamini A zimatsala.

Water chestnut akafika m'khitchini mwanu

Chimene ophika amamukondera n'chakuti safewa. Mumuwiritse, mumukazinge, akhale m'chitini chaka chonse, amakukutikabe m'mano ngati mbatata yaiwisi. Chochititsa ndi ferulic acid, amene amamangirira makoma a maselo ake kuti asalekane ndi kutentha. Choncho simufunika kumuphika nthawi yaitali pofuna kuti afewe, pakuti sadzafewa.

Wa m'chitini, tayani madzi ake, mumutsuke ndi madzi ozizira. Ngati fungo la chitini likumvekabe, muviikeni m'madzi owira mphindi imodzi. Werengani pachitinipo kuti muone ngati anathiramo mchere, ndipo chitini chotupa, chadzimbiri kapena chophwanyika m'mphepete musagule. Otsala musawasiye m'chitini chotsegula: aikeni m'kontena yotseka, muthire madzi aukhondo, muike mu furiji, muzisintha madziwo tsiku lililonse, ndipo mumalize m'masiku ochepa.

Wosaphika amapezeka m'masitolo a zakudya za ku Asia a m'mizinda ikuluikulu, monga a ku Cyrildene ku Johannesburg kapena ku Chinatown ya ku London. Amatsekemera kuposa wa m'chitini, ndipo potaziyamu uja ali yense. Sankhani wolimba gwa, wopanda makwinya kapena malo ofewa. Mutsukeni matope, dulani pamwamba ndi pansi, musende ndi mpeni. Ndikuti ndi mpeni, osati ndi mano, ndipo mumuphike. Ku maiko kumene amalimidwa kuli nyongolotsi ya m'matumbo yotchedwa Fasciolopsis buski, imene imagwira anthu ndi nkhumba. Imakulira mu nkhono za m'madzi, kenako ana ake amakakamira pakhungu la zomera za m'madzi monga zimenezi. Anthu ambiri amaitenga posenda ndi mano kapena podya zosaphika, ndipo imabweretsa kupweteka kwa m'mimba ndi kutsekula. Kuwiritsa kumaipha. Wa m'chitini alibe vuto limeneli poti anaphikidwa kale.

Pali anthu atatu oyenera kusamala. Wa matenda a shuga awerengere water chestnut pamodzi ndi nsima, mpunga ndi mbatata. Akamuika wambiri mu ndiwo achepetse mpungawo. Tsabola wofiira, ngakhale amatsekemera, ali ndi shuga magalamu 4 okha ndipo akhoza kudya momasuka. Wa matenda a impso amene adokotala anamuuza kuti achepetse potaziyamu apewe water chestnut wosaphika, monga momwe amapewera nthochi ndi mapeyala, ndipo afunse kuchipatala za muyezo wa zakudya zina. Wachitatu ndi mwana wamng'ono. Kambulu kolimba, kozungulira, kosafewa n'koopsa pakhosi pa mwana wosakwana zaka 4. Mukafuna kumupatsa, kaduleni tizidutswa topyapyala kwambiri kapena mukapale pa gireta.

Mukafuna kuziphika pamodzi monga amachitira eni ake, nayi njira ya anthu 4. Dulani nkhuku yopanda mafupa magalamu 400 m'tizidutswa tating'ono, muisakanize ndi masupuni 2 a sosi wa soya, ikhale mphindi 15. Konzeranitu zonse musanayatse moto: tsabola wofiira 2 m'zidutswa zokulirapo, chitini chimodzi chaching'ono cha water chestnut wodula mopyapyala, anyezi mmodzi, adyo ndi jinja wosinja. Tenthetsani chiwaya kwambiri, thirani masupuni 2 a mafuta, kazingani nkhukuyo mpaka ipse m'kati, muichotse. M'chiwaya chomwecho ikani anyezi, adyo ndi jinja kwa mphindi imodzi, kenako water chestnut, kenako tsabola. Takasani osaleka kwa mphindi 2 kapena 3, bwezerani nkhuku ija, thirani madzi pang'ono osakaniza ndi supuni yaing'ono ya ufa wosalala wa chimanga kuti msuzi ugwirane, phulani. Mchere musathirenso, sosi wa soya ali nawo wambiri, ndipo WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku. Kaphikidwe ka moto waukali kwa nthawi yochepa kameneka n'koyenera kutengera ngakhale pa ndiwo zina, chifukwa kamasunga vitamini C kuposa kuwiritsa. Water chestnut akasowa, kukukutika kuja mukupeze ku mapesi oyera a chainizi, kaloti wodula mopyapyala, kapena mtedza wokazinga wowaza pamwamba pomaliza.

Kubzala wanu

Water chestnut amafuna munda wamadzi ndi mbewu yovuta kupeza, ndiye za kulima kwake tizisiye. Koma tsabola wofiira wotchipa kuposa onse ndi wa kuseri kwa nyumba. Mitengo 5 kapena 6 imakwanira banja, ndipo imakula ngakhale m'matumba kapena m'zidebe zobowola pansi. Mtundu wakale wa California Wonder umayamba wobiriwira n'kudzafiira ukapsa. Fesani pa nazale, wokerani mbande zikatha milungu 6 mpaka 8, motalikirana masentimita 45 mumzere ndi 60 pakati pa mizere, m'dothi lothira manyowa owola bwino, pamalo owala dzuwa koma posadikha madzi. Thirirani mosadumphitsa. Dothi likamauma gwaa kenako n'kunyowa kwambiri, zipatso zimada ndi kuwola kunsi. Phimbirani pansi ndi udzu wouma kuti chinyontho chisathawe.

Musabzale pamene chaka chatha panali tomato, mbatatesi, mabiringanya kapena fodya. Zonsezi ndi za banja limodzi ndi tsabola, ndipo matenda ofotetsa ndi tizilombo totupitsa mizu zimatsalira m'dothi. Amene wagwira fodya asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbande, chifukwa kachilombo kamene kamachititsa mawanga ndi makwinya pa masamba a fodya kamagwiranso tsabola, ndipo kamayenda ndi manja.

Pakatha miyezi iwiri kapena iwiri ndi theka chiwokerereni mumayamba kuthyola wobiriwira. Pa mtengo uliwonse thyolani ena ali obiriwira kuti mtengowo upitirize kuchita maluwa, n'kusiyapo awiri kapena atatu kuti afiire. Dulani phesi ndi mpeni, osakoka, chifukwa nthambi zake zimathyoka msanga. Ngati mwapopera mankhwala, dikirani masiku amene alembedwa pabotolo musanathyole.

Mbewu ya chaka chamawa itengeni ku tsabola wofiira bwinobwino wa mtengo wathanzi, muiumitse pamthunzi, musunge m'envelopu pouma. Njere za tsabola wa mu supamaketi kawirikawiri ndi za haibulidi ndipo ana ake safanana ndi kholo. Ngati pakhomo pali tsabola wowawa, makamaka wamtali wa mtundu umodzi ndi wosawawayu, mubzale patali. Njuchi zikasakaniza mungu, tsabola wa chaka chino amakhalabe wosawawa, koma mbewu yakeyo ikhoza kudzabereka wowawa chaka chamawa.